Shedi ya nsomba ku Senga Bay: timange pati?

Wapampando: Mwaswera bwanji abale nonse. Amfumu atisonyeza malo awiri omangapo shedi yathu ya nsomba: pamchenga pafupi ndi doko, kapena kumtunda m'mbali mwa msewu wa ku Salima boma. Tiyeni timve maganizo.

Achimwene a ku Joni: Pamchenga basi. Usipa ukatsika m'bwato uzigulidwa pompo. Amayi athu azisenzeranji mabeseni mpaka kumsewu?

Mayi a pa doko: Achimwene, osenzawo ndife, ndipo tikuti kumtunda. Inu nyanja ya 2024 munangoionera pa foni. Madzi analowa m'maloji, mipanda ya njerwa inagwa, poyanika usipa panasanduka posambira ana. Simenti yathu yosonkherana movutikirayi tikaipereke kwa mafunde?

Aphunzitsi opuma: Mayiwa anena zoona, koma nkhawa yanga ndi ina. Magombe akutha. Munthu wa ku Lilongwe akagula puloti, choyamba ndi mpanda mpaka m'madzi. Tinjira tomwe tinkatsikira kukachapa ndi kukakoka makoka tatsekeka kamodzikamodzi. Tikathawira kumtunda, malo a padokowo mawa tidzapeza pali geti ndi mlonda. Shedi ipite kumsewu, inde, koma amfumu, a komiti yoyang'anira za usodzi padoko (BVC) ndi a khonsolo alembe papepala kuti doko ndi njira yake ndi za mudzi, zosagulitsa.

Mnyamata wa kabaza: Aphunzitsi, malojiwo musawade kwambiri. Loweruka alendo akabwera ifenso timadya. Azichemwali athu angati akugwira ntchito mmenemo?

Aphunzitsi opuma: Sindikuwada, mwana wanga. Amange, koma asiye podutsa. Taona ku chilumba cha Mbenji: amfumu a Makanjira akatseka chilumbacho nyengo ya mvula palibe woponya ukonde, ndipo mwambowu unayamba m'ma 1950. Akatsegula, asodzi amachokera kutali kudzapha utaka. Ngati mfumu ikutha kuletsa asodzi kwa miyezi, ingalephere kuuza mwini loji kuti mpanda uthere apa?

Anamwino a ku Area 25: Palibe watchula zimbudzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inasautsa madera a m'mbali mwa nyanja. Chimbudzi chokumba pamchenga chimagumuka, ndipo madzi akakwera zonse zimathera momwe ana amasamba. Zimbudzi ndi mpopi ziyambe, denga la shedi pambuyo.

Achimwene a ku Joni: Chabwino, mwandigonjetsa. Koma kumsewuko mukokeko magetsi, pakhale firiji ya ayezi. Salima yomwe ili ndi sola ya 60 MW ku Nanjoka, chambo chizionongeka ndi kutentha?

Msungichuma: Zonsezi n'zabwino, koma firiji sigulidwa ndi ma voice note. Amene simunapereke ya mwezi uno mukudzidziwa. Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi yomwe ija.

Wapampando: Alembi, lembani kalata yopita kwa amfumu yokhudza njira ya kudoko. Loweruka tikayendera malo a kumtunda, Mayi a pa doko mutitsogolere.