Za mitengo ya ziboliboli pa shedi pathu pa Likhubula

Bambo a Chiko: Anzanga mwaswera bwanji. Nkhani ya pa shedi ija tiyimalize Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje uja, isanafike. Ine ndimati tisanje katundu m'magulu, njovu pazokha, mvuu pazokha, bawo ndi ndodo zokwerera phiri mbali inayo, ndiye mtengo uziyendera saizi basi tilembe pa katoni. Panopa ukatsala wekha pa shedi kasitomala nkufunsa katundu wa mnzako umayamba kuimba foni, netiweki yake yomweyi, pomwe akuyankha munthu wakwera kale galimoto

Mayi a Tadala: saizi?? ndiye kuti chimvuu chija chagona pakona chaka chonse chidule kuposa kamayi kothyola tiyi ka amalume? kaja nkakang'ono inde koma tayang'anani dengu lili kumsanalo, nsungwi iliyonse ikuoneka payokha, zala zagwira nsonga ya tiyi ndendende ngati amayi a ku esiteti. Zimenezo simungayeze ndi tepi alamu

Bambo a Chiko: nanga tiyeza ndi chani mlamu, kukongola kuli ndi sikelo?

Amalume: Palibe sikelo mwana wanga. Mabwana ochoka ku Blantyre amafuna chakuda bii chopaka Kiwi mpaka chizinyezimira, azungu otsika kuphiri ku Chambe akaona polishi amabweza, amafuna mlombwa uoneke mizere yake yofiirira ija, ena mpaka amakonda pomwe padutsa sompho osapalapo sandipepa. Chinthu chimodzi chomwecho wina akuti sichinathe wina akuti ndiye chenichenicho. Koma a Chiko sakunama, chisokonezo chilipo. Chomwe tingagwirizane ndi mtengo wapansi: thabwa lake ndi lanji, phingo silingafanane ndi m'bawa, kenako masiku omwe wasema. Pamwamba pa pamenepo mwini wake aziikapo yekha

Achimwene a mabatiki: ndagwirizana nazo. Aliyense amate ka masking tape kunsi kwa katundu wake, alembe chilembo cha dzina lake ndi mitengo iwiri, woyambira ndi womaliza woti osatsikanso. Wotsala pa shedi angotembenuza nkuwerenga, ndalama atumize pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Koma zosanja njovu 20 pamzere ine ayi, zikaima choncho zimaoneka za ku fakitale ndipo munthu amangosankha yotchipa

Mayi a Tadala: eya, aliyense akhale ndi kona yake, dzanja la munthu lizioneka. Komanso za mkungudza zisapezeke pa shedi chonde, a Forestry akabwera sadzafunsa kuti kabokosika nkandani, tidzavutika tonse, ndiye phirili linalowa m'buku la UNESCO la malo ofunika pa dziko lonse mu 2025, maso achuluka

Bambo a Chiko: chabwino ndagonja pa saizi, koma ndodo ndi ma key holder zokha zikhale mtengo umodzi, zija nzofanana tisanamizane. Loweruka ndibweretsa tepi ndi maka

Amalume: ndodo zanga za mutu wa nkhalamba muzichotsemo mmenemo 😂