Za bala la mng'ono wanga: mmene zilili tsopano

Mwezi wathawu ndinafunsa za mmene tingasamalire mng'ono wanga kuno ku Ntcheu kuti bala lake lisatukusire. Iyeyu anachitidwa opaleshoni matumbo ake atabooka chifukwa cha taifodi, zoipa n'kutayikira m'mimba, vuto limene madokotala amalitcha peritonitis. Ndabweranso kudzakudziwitsani mmene zayendera.

Kuchipatala ankalandira mankhwala opha tizilombo otchedwa ceftriaxone ndi metronidazole kudzera mumtsempha, ndipo anamwino ankamudzutsa kuti aziyenda pang'onopang'ono poopa chibayo, ngakhale kuti mwiniwake ankangofuna kugona. Titabwerera kumudzi, ntchito yaikulu inagwera amayi, omwe sankakhudza bandeji asanasambe m'manja ndi sopo, ndipo mankhwala azitsamba amene azakhali anabwera nawo kuti tipake pachilondapo tinawakana mwaulemu, ngakhale kuti sizinawasangalatse.

Pa tsiku la 9 kumunsi kwa balalo kunafiira, kunayamba kuchucha mafinya, thupi nalonso litatentha. Sitinazengereze, tinabwerera naye kuchipatala tsiku lomwelo, kumene anadula ulusi m'malo awiri kuti mafinyawo atuluke, n'kumatsuka chilondacho tsiku ndi tsiku ndi madzi amchere akuchipatala otchedwa saline. Adokotala anatifotokozera kuti zimenezi sizachilendo pa opaleshoni yamtunduwu, popeza m'mimbamo mumakhala mutalowa kale tizilombo.

Panopa bala latseka, mankhwala anamaliza onse, ndipo akudya nsima bwinobwino, koma khasu sitikumulola kugwira. Madzi a pachitsime tikumathiramo klorini, ndipo ana apakhomo pano tawabayitsa katemera wa taifodi, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2023.