Masewera amene kampani inasiya kupanga: ndigulitse tizidole kapena tizisewerabe?

Moni nonse a pagulu. Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu, kufupi ndi boma. Nkhani yanga ndi yachilendo pang'ono, ndiye mundilole ndiyambe ndafotokoza ndisanafunse.

Mnzanga wina wa ku England amene tinkaphunzitsira limodzi, pobwerera kwawo anandisiyira katoni ya masewera otchedwa Mordheim. Awa ndi masewera a patebulo, a tizidole ta asilikali totalika ngati theka la chala, tina tapulasitiki, tina tachitsulo, tonse topentedwa pamanja. Anawatulutsa mu 1999 ndi kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham. Nthano yake ndi ya mzinda umene unagwedwa ndi nyenyezi ya michira iwiri n'kusanduka bwinja, ndipo magulu a anthu ofuna chuma amalowamo kukatola miyala yobiriwira yamtengo wapatali. Wosewera aliyense amayamba ndi ndalama zagolide 500 zongolemba papepala, amalemba ntchito asilikali ake n'kuwagulira zida. Poyenda timayeza ndi tepi m'mainchesi, pomenyana timaponya madayisi. Chimene chimagwira ana mtima n'choti msilikali akavulala lero, sabata yamawa amabwera ndi bala lomwelo. Wina amatsala ndi diso limodzi, wina amayenda motsimphina mpaka kalekale, ndipo amene wapulumuka nkhondo zingapo amaonjezera luso. Ana amawapatsa mayina, ndipo akafa amadandaula zenizeni.

Timakumana Loweruka masana, anyamata asanu ndi atatu ndi atsikana atatu. Nyumba zogumuka timapanga tokha ndi makatoni a sopo, mapesi ndi timitengo ta machesi. Mwana amene m'kalasi probability (masamu owerengera mwayi) imamuzunguza mutu, pano amandiuza yekha kuti mwayi wopeza 4 kapena kuposa pa dayisi imodzi ndi theka, ndiye kuli bwino abisale kaye kuseri kwa khoma.

Vuto nali. Masewerawa kampani inasiya kuwapanga. Mu 2013 inaleka kugulitsa tizidole ta masewera ake akale amene osewera ake anali ochepa, monga Mordheim, Necromunda, Blood Bowl, Battlefleet Gothic ndi Warmaster. Ife tathu tikutha. Malupanga akuthyoka, mikono ikuchoka, awiri anasowa tsiku lina mvula itatibalalitsa. Mwezi watha mnyamata wathu wa Fomu 3, amene ndi katswiri kuposa onse, anawerenga pafoni kuti masewerawa anatha kale, anabwera n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti tikusewera maliro." Sanabwerenso. Mawu amenewo akundisowetsa tulo.

Pamwamba pa zimenezo, msuweni wanga wa ku Manchester ataona zithunzi akuti tachitsulo tija anthu akutifunafuna pa eBay, msika wa pa intaneti, chifukwa sitipezekanso, ndimutumizire andigulitsire. Kunyumba denga likudontha, ndipo ndalamazo zikhoza kuthandiza.

Ndiye funso langa lili pawiri. Ndigulitse kapena ndisunge? Ndipo ndikasunga, masewera opanda kogula zosinthira amapitirira bwanji? Amene mukudziwa za anthu a kunja amene zinawachitikira zomwezi, iwowo anatani?

Wa ku Joni: Aphunzitsi, ndasangalala kumva kuti Mordheim ikuseweredwa ku Kasungu. Ine ndimasewera zimenezi kuno ku Johannesburg, ndipo nkhani yanuyi si yatsopano. Phokoso lalikulu linali mu 2015, pamene kampani yomweyo inatseka Warhammer Fantasy, masewera amene anayamba mu 1983, n'kubweretsa Age of Sigmar m'malo mwake. Anthu anali atawononga zaka ndi ndalama zambiri kupenta asilikali mazanamazana. Wina mkwiyo unamukulira mpaka anatentha gulu lake lonse n'kuika vidiyo pa YouTube. Ena anagulitsa zonse. Ena anatenga tizidole tawo tomweto n'kuyamba kusewera Kings of War ya kampani ya Mantic. Ndipo ena anakhala pansi n'kulemba malamulo awoawo aulere otchedwa The 9th Age, amene alipo mpaka lero.

Koma muone za Blood Bowl. Zaka zonse zimene kampani inali chete, bungwe la osewera okha la NAF linapitiriza kukonza mipikisano m'mayiko osiyanasiyana. Masewerawo anatulukanso mu 2016, Necromunda mu 2017, ndipo Warhammer yakale ija inabwerera mu 2024 ndi dzina loti The Old World. Mordheim sinatulukenso, komabe magulu ake pa Facebook ndi odzaza, anthu akumanga mizinda yogumuka tsiku ndi tsiku. Ine ndikuti musagulitse. Amene anagulitsa mu 2015 ambiri ndimawamva akudandaula.

Mlimi wa ku Santhe: Achimwene, ine za masewerazo sindizidziwa, koma za msika ndimazidziwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtengo ukakwera umagulitsa, sudikira mawa. Bambo a ku Joniwo anena okha kuti kampaniyo ina inabwezeretsa. Nanga ikadzatulutsanso yanuyi, ndani adzafune zakale zothyoka malupanga? Mvula ikubwera, khomani denga. Ana agulireni mpira.

Wa ku Joni: Madala, zakale nthawi zambiri sizigwa mtengo chonchi, chifukwa ogula amafuna kapangidwe kakale komweko. Komanso aphunzitsi asawerengere ndalama zambiri. Achotsepo zotumizira, achotsepo zimene eBay imadula, ndiye tizidole tothyoka amagula motchipa. Denga lonse silingatuluke pamenepo.

Mayi wa ku Mtunthama: Pepani aphunzitsi, ndikufunsa ngati kholo. Ndaona chithunzi mwaikacho, pali makoswe oima ndi miyendo iwiri atanyamula mipeni. Zimenezi ana athu sizingawalowetse zamizimu? Makolo awo akudziwa?

Wolemba funso: Mayi, mwafunsa bwino ndipo sindikukhumudwa. Makoswewo ndi gulu limodzi la m'nthano yake, monga mmene kwathu kalulu ndi fisi amalankhulira m'nthano za agogo. Ndisanayambe ndinapita kwa ahedi, kenako ndinaitana makolo kuti adzaone okha. Bambo mmodzi anakana, mwana wake sabwera, ndipo ndinalemekeza zimenezo. M'buku la malamulo a masewerawa muli magulu ena a zaufiti amene ine ndinawasiya dala, sitiwagwiritsa ntchito. Mukadzafika ku boma Loweruka mudzatione, khomo ndi lotsegula.

Mmisiri wa ku Kamwendo, Mchinji: Ine ndikudabwa kuti mukulira kogula. Ifetu tinakula tikupanga magalimoto a mawaya ndi ng'ombe zadongo, palibe kampani inatipangira. Kachidole kotalika choncho ndikhoza kusema ndi mtengo wolimba, nkhope yokha ndiye singatuluke bwino. Lupanga ndi waya wophwanyidwa ndi hamala, chishango ndi chitsekerero cha botolo chodulidwa. Kapena pangani chikombole ndi kamodzi mwa muli natoto, musungunule mtovu wa batire lakale la galimoto, muthiremo. Tsiku limodzi mukhala ndi asilikali makumi awiri.

Namwino wa ku Kasungu: Bambo a ku Kamwendo, zosema ndi zamawaya zili bwino, koma za mtovuzo ayi, chonde. Mtovu ndi poizoni. Utsi wake posungunula umalowa m'thupi, ndipo ana akamaugwira kenako n'kudya osasamba m'manja, umawononga ubongo pang'onopang'ono, mwana amayamba kuvutika kuphunzira. Batire lilinso ndi asidi wowotcha khungu ndi maso. Aphunzitsi, musayerekeze n'komwe.

Mmisiri wa ku Kamwendo, Mchinji: Achemwali, zikomo, zimenezo sindinkazidziwa. Ndabweza mawu a mtovuwo.

Wa ku Joni: Ndionjezepo kuti kukopera tizidole ta kampani ndi chikombole n'kumagulitsa ndi mlandu, chifukwa kapangidwe kake ndi kawo. Koma kusema tanutanu palibe angakuletseni, ndipo kuno osewera masewera akale amachita zomwezo, amagwiritsa ntchito kachidole kalikonse bola onse agwirizane kuti aka kakuimira ndani. Zothyokazo musamangomata ndi supagulu yekha, zimachokanso. Boolani kabowo kakang'ono mbali zonse ziwiri, mulowetse kawaya ka pepakilipi, ndiye mumate. Pamene pachoka chidutswa, fufuzani Pratley Putty m'mahadiweya, mumasakaniza mbali ziwiri, mumaumba ngati dongo, ikauma imalimba gwa. Chinthu chimene muyenera kuchiteteza kwambiri ndi buku la malamulo. Lijambuleni fotokope, lenilenilo mulisunge m'pulasitiki kuopa chiswe. Kampani yomweyo inaliikapo laulere pa intaneti zaka za m'mbuyomu, ndipo osewera analisunga.

Agogo a ku Nkhamenya: Mwanawe, ine ndasewera bawo kuyambira ndili mnyamata. Thabwa likasweka timakumba maenje pansi, nkhomo zikasowa timatola miyala. Sindinamvepo munthu akufunsa kuti anapanga bawo ndani, kapena ngati akadali moyo. Koma ine chandikhudza ndi mnyamata wachokayo. Mwamuyendera? Mwana wa msinkhu umenewo akanena mawu olemera chotero, nthawi zina pali china. Mwina anzake akumuseka kuti akusewera zidole. Pitani mukacheze naye, musadikire kuti abwere yekha.

Wophunzira wakale: Aphunzitsi, ndakuzindikirani ndi chithunzi cha tebulo lija. Ndine mtsikana uja ndinali ndi kaputeni wa diso limodzi, panopa ndili ku koleji ku Lilongwe. Chonde musagulitse kaputeni wanga. Ndikuuzeni zoona, ife sitinkadziwa n'komwe kuti kuli kampani. Tinkabwera chifukwa cha kope lija lolembamo mabala ndi ndalama za gulu lililonse, ndiponso chifukwa mumatilola kutsutsana nanu za malamulo. Mng'ono wathuyo mwina akuona ngati mumamubisira. Mumuonetse magulu a pa Facebook aone kuti kunja anthu akuluakulu akusewerabe. Ndikubwera pa holide, ndidzathandiza kupenta.

Mlimi wa ku Santhe: Ndamva zonsezo, koma denga likudonthabe. Ngati simungagulitse zonse, gulitsani zimene ana sagwiritsa ntchito.

Wolemba funso: Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, zina kawiri. Agogo, ndinapita dzulo madzulo kwawo kwa mnyamatayo. Munalondola pang'ono. Si kusekedwa ayi, koma iye ankasunga ndalama za ganyu ya kusoka fodya, akuganiza kuti tsiku lina adzaitanitsa gulu lakelake la asilikali kudzera kwa msuweni wanga uja. Atawerenga kuti sizipangidwanso, ndipo zakale n'zodula, anaona ngati ntchito yake yonse yapita pachabe. Ine sindinkadziwa kuti akusunga ndalama. Ndinayenera kuwauza ana onse poyamba pomwe kuti masewerawa anasiya kupangidwa, ndipo ndamupepesa. Ndinamuonetsa zithunzi za mizinda imene anthu akunja akumanga ndi makatoni ngati athu omwewa, ndiponso ndemanga ya bambo a ku Kamwendo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati msilikali wosema yekha angaloledwe patebulo. Ndinamuuza kuti inde. Sanalonjeze kubwera, ndipo sindinamukakamize.

Za kugulitsa, ndatsatira madala a ku Santhe mbali imodzi. Magulu a zaufiti aja amene sitiwagwiritsa ntchito akadali osathyoka, amenewo ndimutumizira msuweni wanga. Ndamulemberanso mnzanga wa ku England uja kumupempha chilolezo, popeza inali mphatso, ndipo wavomera. Zimene zituluke ndigula malata ochepa, zotsala penti, mabulashi ndi Pratley. Asilikali amene ana amasewera nawo, kuphatikizapo kaputeni wa diso limodzi, sakupita kulikonse.

Bambo a ku Kamwendo, ndakulemberani ku inbox. Ndikufuna mutisemere awiri oyesera, kenako mudzabwere tsiku limodzi mudzaphunzitse ana kusema okha, thiransipoti ndilipira. Funso latsala ndi ili: mtengo uti umene sung'aluka ukasemedwa kakang'ono chonchi, ndipo penti wa akiriliki wa timabotolo ting'onoting'ono ndingamupeze kuno ku Kasungu, kapena mpaka ndikwere ya ku Lilongwe?

Mmisiri wa ku Kamwendo, Mchinji: Tiyambe ndi zidutswa za mlombwa, ndili nazo zambiri zotsala ku zitseko. Munditumizire chithunzi cha kamodzi mutakaimika pambali pa bokosi la machesi kuti ndione msinkhu wake.