Galimoto yamagetsi koma pakhomo palibe potchajira, ndigule kapena ndidikire?

Nabanda_Leeds:
Anzanga a kuno ku UK ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ya care yoyenda khomo ndi khomo ija ndiye tsiku lonse ndimakhala pamsewu, petulo akundimaliza. Ndaona ma Nissan Leaf akale, amagetsi aja, atsika mtengo kwambiri mpaka mtima wayamba kulakalaka, koma nyumba yomwe ndikuchita lendi ndi zogundizana zija, palibe driveway, galimoto imagona pamsewu ndipo ndikaweruka mochedwa malo ndimakawapeza msewu wina. Kodi munthu angadalire matchaja a panja okhaokha? Amene muli nazo ndiuzeni chilungamo.

AnkoloWaCoventry:
Achemwali, kutchipa konse komwe anthu amatamanda kuja ndi kwa amene amatchajira kunyumba. Ine ndili ndi tchaja pakhoma, usiku pa tarifi ya galimoto yamagetsi yuniti imodzi ndimalipira cha m'ma 7p, ndikadzuka batire ladzadza nkhani yatha. Yuniti yomweyo pa tchaja yothamanga ya m'mbali mwa motorway ndi 70p mpaka kupitirira 80p. Werengerani nokha, Leaf imayenda ma mile pafupifupi 4 pa yuniti, ndiye pa 80p ndi 20p pa mile, pomwe kagalimoto kakang'ono ka petulo sikafika pamenepo. Ndiye mukhala mukulipira zambiri kuposa pano, kuwonjezera kudikirira.

Chimene chimandipweteka ine ndi VAT. Magetsi a kunyumba ndi 5%, a pa tchaja ya panja ndi 20%. Ndiye kuti wa nyumba yayikulu ya driveway akulipira msonkho wochepa, wa lendi m'kachipinda ndi amene akufinyidwa, ngati mmene wa mpopi pakhomo amamwera madzi otchipa kuposa wotunga pa kiyosiki. Anthu akhala akudandaula kwa zaka koma waboma ali phee.

Mjomba_Gift:
Ankolo anena zandalama, ine ndinene za pulagi chifukwa apa ndi pomwe anthu amagwa. Leaf zakalezo potchaja mothamanga zimagwiritsa pulagi ya mtundu wa CHAdeMO, pomwe pafupifupi galimoto zina zonse zamagetsi ku Europe kuno zimagwiritsa mtundu wina wotchedwa CCS. Malo atsopano mupeza matchaja ambirimbiri a CCS, a CHAdeMO amodzi kapena awiri kukona, akakhala owonongeka kapena pali kale wina basi mwagwa nayo. Ma Supercharger, matchaja othamanga a kampani ya Tesla, omwe anayamba kutsegulira galimoto zina mu 2022 nawonso ndi CCS, Leaf yakale siilowapo. Komanso batire la Leaf lilibe zoziziritsira zamadzi, mukalitchaja mothamanga kangapo tsiku limodzi limatentha n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono, ndipo nyengo yozizira hita ikuyaka ma mile amatsika mukuona. Inu kasitomala akudikira mankhwala a 8 koloko inu muli pa mzere wa tchaja, ofesi ikumvetsani?

MaiTadala_SE:
Abale musamuopseze mwana wa eni kkkk. Ine kuno ku London ndilibe driveway koma ndikuyendera yamagetsi bwinobwino. Msewu wathu anaika matchaja m'mapolo a magetsi a mumsewu, ndi ochedwa inde, cha m'ma 5kW, koma ukalumikiza madzulo m'mawa wapeza zokwanira, mtengo wake uli pakati, sufika wa motorway. Vuto lake malo a pa polo sanalembedwe kuti ndi a yamagetsi yokha ndiye aneba a dizilo amaimikapo, sungawathamangitse, ali ndi ufulu. Masiku ena ndimazungulira ngati ndataya china chake.

Koma ndivomereze, London ili ndi matchaja ochuluka kwambiri kuyerekeza ndi kumpotoko, zanga sizingafanane ndi za ku Leeds. Tsegulani Zapmap, app yoonetsa matchaja pamapu, muone zomwe zili pafupi ndi nyumba yanu, ndipo muwerenge zomwe anthu alemba pa tchaja iliyonse, chifukwa pamapu imaoneka ilipo koma kufikapo sikirini yakuda. Zolipira zinasinthako, kuyambira November 2024 lamulo likuti matchaja othamanga azilandira khadi la kubanki mongogunditsa, kale foni imadzadza ndi ma app, kampani iliyonse yakeyake. Koma a m'mapolowa ambiri mpaka pano ndi pafoni.

Nabanda_Leeds:
Zikomo nonse. Nanga kungotulutsa chingwe pawindo kudutsitsa pomwe anthu amayenda mpaka pagalimoto? Ndaonapo ena akuchita.

AnkoloWaCoventry:
Ayi achemwali, agogo ena akapunthwa pachingwecho mlandu ndi wanu. Makhonsolo ena amalola kukumba kangalande kakang'ono kodutsitsamo chingwe, koma pamafunika chilolezo cha khonsolo komanso cha landilodi, ndipo malo a kutsogolo kwa nyumbayo si anu, wina akaimikapo chingwe sichifika. Boma linati likufuna matchaja 300,000 pofika 2030, koma kuika tchaja si kungozika bokosi, pamafunika mawaya ndi thiransifoma zonyamula mphamvuyo ndipo makampani amadikira nthawi yaitali kuti awalumikize, nchifukwa chake amathamangira malo opindulitsa, misewu ya ife alendi imabwera pambuyo. Za 2030 zisakuthamangitseni, chaka chimenecho boma likufuna kuletsa kugulitsa za petulo ndi dizilo zatsopano zokha, yakale mudzagulabe. Ndipo kuyambira April 2025 zamagetsi nazo zikulipira road tax. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ka hybrid ka Toyota kosatchaja, kophatikiza petulo ndi batire, Yaris kapena Auris, yamagetsi mudzaione mukadzasamukira pa nyumba ya driveway.

Mjomba_Gift:
Kapena funsani kaye kuofesi kwanu ngati ali ndi tchaja ya antchito, ma care home ena anayamba kuika. Ikakhalapo ndiye masamu a ankolowa asintha, koma Leaf yo muyambe mwaona mizere ya batire pa dashibodi musanapereke ndalama, yabwinobwino imaonetsa 12.