Nkhani za mizukwa pa Khirisimasi: tiyambire pati?

NaBanda wa ku Leeds:
Abale odziwa za mabuku, ndikumva kuti kuno ku Britain kuli mwambo wowerengerana nkhani za mizukwa nyengo ya Khirisimasi. Pabanja pathu tikufuna tiyese chaka chino. Padzakhala akuluakulu komanso ana a zaka 9 mpaka 14. Mwambowu unachokera kuti, nanga tisankhe nkhani yotani kuti anthu agwidwe nthumanzi, osati tulo?

Mlendo wa ku Cambridge:
Mayi NaBanda, gwero lake ndi mdima. Ku Leeds kwanuko, mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo usiku wautali kuposa onse umagwa pa 21 kapena pa 22. Anthu akaunjikana pamoto kunja kukuzizira, nkhani zoopsa zimadzibweretsa zokha. Mwambowu ndi wakale, koma unafala kwambiri m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, Charles Dickens atatulutsa buku lake la A Christmas Carol mu Disembala 1843.

Koma posankha nkhani, poyambira penipeni ndi pa M. R. James. Iyeyu anali ku King's College ku Cambridge, ndipo nkhani zake ankawerengera anzake nyengo ya Khirisimasi, kandulo ikuyaka. Buku lake loyamba la nkhanizi linatuluka mu 1904. Popeza zinalembedwa kuti zimvedwe ndi khutu, zimayenda bwino pakamwa: zimayamba phee, munthu wamaphunziro akufukula chinthu chakale chomwe sanayenera kuchigwira, ndipo choopsacho chimangoonekera pang'ono chakumapeto. James anamwalira mu 1936, ndipo nkhani zake zili zaulere pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale. Chenjezo langa ndi lakuti Chingerezi chake ndi chakale, ndipo mwina ndi mwina amaponyamo Chilatini.

Aphunzitsi opuma:
Achimwene afotokoza bwino. Ine ndikhudze za utali, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Wowerenga mokweza mosathamanga amatha mawu 130 mpaka 150 pa mphindi. Nkhani ya mawu 4,000 ndiye kuti ndi theka la ola, ndipo malire abwino ndi amenewo. Ikapyola mphindi 45, ana ayamba kuyasamula ndipo mantha onse athera pomwepo. Buku la Dickens lija limadya maola oposa atatu, koma lili ndi zigawo zisanu, ndiye muziwerenga chigawo chimodzi usiku uliwonse kuyambira pa 20 Disembala.

Wowerengayo ayambe waiwerenga yekha mokweza, pensulo ili m'manja. Alembe chizindikiro pa mayina ovuta kutchula, adule ndime zazitali zofotokoza mbiri ya matchalitchi, ndipo aike kamzere pomwe ayenera kupuma. Munthu akapunthwa pa dzina pamene mzukwa ukutulukira, anthu amaseka, ndipo kuwabwezanso m'nkhani ndi ntchito.

Musasinthe mawu kuti amveke oopsa. Tsitsani mawu, chepetsani liwiro, ndipo pamalo poopsapo khalani chete masekondi atatu musanapitirize. Mukamaliza tsekani buku, musafotokoze kuti chinthucho chinali chiyani. Chimene aliyense wadzijambulira m'mutu mwake chimaopsa kuposa chimene mungamuuze.

Gogo NaPhiri:
Mwana wanga, luso limeneli ulinalo kale. Ndi lomwe lija la nthano zapamoto m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kwathu, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nthano omvera amavomera kuti “tili tonse”, pomwe apa amakhala duu mpaka kumapeto. Uwauziretu ana zimenezi.

Za m'chipinda: zimitsa magetsi onse ndi wailesi yakanema, mafoni akhale kuchipinda china. Kandulo imodzi yokha siyikwanira kuwerengera zilembo zing'onozing'ono, choncho ika kanyale kakang'ono kumbuyo kwa wowerenga, kandulo ikhale patebulo, kutali ndi makatani ndi mtengo wa Khirisimasi. Tiyi agawidwe nkhani isanayambe, chifukwa phokoso la masipuni limadula nkhani pakati.

Wa zaka 9 uja nkhani za James zingamulemere. Yambani 6 koloko ndi chigawo cha Dickens, amene mizukwa yake imabwera kudzalangiza munthu woumira, ndipo nkhaniyo imatha mosangalatsa. Akakagona wamng'onoyo, pakhonde la kuchipinda kwake pakuyaka getsi, akuluakulu ndi wa zaka 14 atsegule James.