Ndithandizeni: journal yakana pepala langa la amayi otaya magazi pochira, ndilitumize kuti?

Mzamba wa Usiku:
Abale anga, pepani nditalikitsa, mutu wanga sukugwira. Ndine mzamba, ndagwira ntchito zaka 9, ndipo ndikuchitanso masters. Kwa miyezi 7 ndakhala ndikukopera m'makaundula a ku mateniti nkhani za amayi amene anataya magazi ambiri atachira. Za zaka zitatu zathunthu ndalowetsa ndekha mu kompyuta, nthawi zambiri nditangoweruka ya usiku, maso akuwawa. Masamba ena a kaundula anang'ambika, ena ananyowa inki n'kufalikira, moti ndimachita kuwaunika ndi tochi ya foni. Laputopu inandifera pakati pa ntchito, ya miyezi iwiri ndinayambiranso. Asupavaiza anga atha milungu isanu osandiyankha, chonsecho uthenga amawerenga. Kunyumba nako abambo akuti ndinakwatiwa ndi sukulu. Koma chondiwawa kwambiri ndi ichi: zaka zapitazo kunabwera akafukufuku akunja, ndinawatolera deta chaka ndi theka, pepala litatuluka dzina langa ndinalipeza kumapeto kwenikweni, pa mawu othokoza. Ndinalumbira kuti ulendo uno ndilemba langa. Ndinatumiza pepala la kafukufuku wangayu ku journal (magazini yosindikiza za kafukufuku) ina yaikulu, patangotha masiku anayi andibwezera osalipereka n'komwe kwa owunika. Dzulo ndalandira imelo yochokera ku journal ina yomwe sindinaimvepo, akunditchula Pulofesa, akuti alitulutsa sabata isanathe ndikangolipira m'madola. Ndilipire? Ngati ayi, nditumize kuti?

Wa ku Laibulale:
Mayi, musalipire ngakhale kobiri. Journal yeniyeni sikusakani pa imelo n'kukulonjezani sabata imodzi, kuwunika pepala kumatenga milungu, mwinanso miyezi. Fufuzani dzina lake pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa ma journal odalirika owerengedwa ulere, muonenso ngati mapepala ake amapezeka pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zaumoyo. Likangotuluka kwa anthu amenewo, simungadzalitumizenso kwina, thukuta lanu lonse lapita.

Tidzilembere Tokha:
Izi ndiye ndimanena tsiku ndi tsiku pagulu pano! A WHO akuti mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira chifukwa cha pakati kapena pochira, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali a mu Africa muno, kumwera kwa Sahara. Mu 2022 ana 2.3 miliyoni anamwalira asanakwanitse mwezi umodzi. Maliro ali kwathu, koma cholembera chili m'manja mwa ena. Tsegulani mapepala onena za mayiko osauka, muwerenge dzina loyamba ndi lomaliza pa mndandanda wa olemba, muone kuti eni ake amakhala kuti. Kuyambira 1990 zinadziwika kale kuti ndalama za kafukufuku wa zaumoyo zopita ku mavuto a mayiko osauka ndi kachigawo kochepa zedi, mpaka anthu anadzautcha mpata wa 10/90. Amatera ndi ndege, mzamba awatolere deta, iwo n'kukakwezedwa pa ntchito kwawo. Achemwali, sanakukaneni chifukwa cha pepala, akukanani chifukwa cha adiresi.

Mlongo Wachete:
Asisi, musanatsegule makaundulawo munatenga chilolezo ku komiti ya ethics, yomwe imavomereza kafukufuku asanayambe? Nanga kalata yokukanayo ikuti chiyani kwenikweni?

Mayi wa Awiri:
Ine za ma journal sindizidziwa, koma nkhani yanuyi yandikumbutsa za ine. Nditachira mwana wachiwiri ndinamva kutentha kumsana, kuyang'ana nsalu yonse yanyowa. Mzamba anali mmodzi yekha, amayi ochira atatu. Ndinkamva mawu ake ngati akulankhulira kutali. Magazi a gulu langa kunalibe, anachita kukawatenga kwina. Mayi amene anagona bedi loyandikana nane sanadzuke. Lembani mayi, musagwe mphwayi, ena a ife tili m'makaundula amenewo.

Namwino Wopuma:
Mundikhululukire ana anga, koma pepala siliimitsa magazi. Ndagwira ntchito mpaka imvi, akafukufuku ndawaona ambirimbiri ndi mafomu awo. Chimene chimapha mayi tonse timachidziwa: kuchedwa kunyamuka kunyumba, kuchedwa panjira, kuchedwa kuthandizidwa atafika. Zimenezi a Thaddeus ndi a Maine anazilemba kale mu 1994, mukufuna kuzilembanso kangati? Tipatseni oxytocin, mankhwala oletsa kutaya magazi, wosungidwa pozizira, magazi mu filiji, ambulansi ya mafuta. Ndipo inu mwana wanga, nthawi yokopera kaundula mumaipeza bwanji wodi ili yodzaza?

Dotolo Wamng'ono:
Amayi, ndi ulemu wonse, apa mwalakwitsa. Tranexamic acid amene lero tikubaya mayi wotaya magazi anadziwika bwino chifukwa cha kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, amayi oposa 20,000 m'mayiko 21. Anapeza kuti akaperekedwa maola atatu asanathe, imfa za kutaya magazi zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mu 2023 kunatuluka wa E-MOTIVE, m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania. Ankayala pepala la pulasitiki lokhala ndi thumba la mizere pansi pa mayi, magazi n'kumayezedwa m'malo mongoyerekeza ndi maso, kenako chithandizo chonse n'kuperekedwa nthawi imodzi, osati kuyesa ichi n'kudikira. Mavuto aakulu a kutaya magazi anatsika ndi 60 peresenti. Ndiye musamati pepala siliimitsa magazi.

Tidzilembere Tokha:
Adokotala, mwandithandiza kunena mfundo yanga. Ziwiri mwatchulazo, imodzi inkayendetsedwa kuchokera ku London, inayo ku Birmingham. Ndi ntchito yabwino, sindikukana, koma funso amasankha ndani? Kumbukani kafukufuku wa ACT wa mu 2015. Jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana wobadwa masiku asanakwane ankagwira bwino ntchito m'mayiko olemera. Atamufalitsa m'madera osauka a mayiko 6, kuphatikizapo Kenya ndi Zambia, imfa za makanda zinakwera m'malo motsika. Kumene kulibe sikani, msinkhu wa pakati amangoyerekeza, ndiye ambiri amene anabayidwa anadzachira pa nthawi yake. Mzamba aliyense wakumudzi akanawauza za vuto la kuwerenga miyezilo akanafunsidwa!

Dotolo Wamng'ono:
Koma amene anaulula vutolo ndi kafukufuku yemweyo, bambo. Ndipo mu 2020 wa WHO anaonetsa kuti m'zipatala zotha kudziwa msinkhu wa pakati ndi kusamala khanda, jakisoni wa mtundu womwewo, wotchedwa dexamethasone, amapulumutsa ana. Komanso si zonse zimachokera kumpoto. Njira ya kangaroo inayambira ku Bogotá mu 1978 chifukwa ma incubator ankaperewera, ndipo kafukufuku wa mu 2021 wosonyeza kuti kuika khanda pachifuwa nthawi yomweyo kumachepetsa imfa anachitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania.

Tidzilembere Tokha:
Kuchitikira kuno ndi kutsogoleredwa ndi ife ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mayiko tinalonjezana kuti pofika 2030 imfa za amayi zikhale zosafika 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Tidzafika bwanji ngati wodziwa wodi sapatsidwa ndalama, nthawi, ngakhale intaneti yoti awerengere mapepala olembedwa za odwala ake omwe?

Wa ku Laibulale:
Pa kuwerenga pokhapo njira ilipo. Hinari, imene WHO inayambitsa mu 2002, imapereka ma journal ambirimbiri ulere ku masukulu ndi zipatala za m'mayiko osauka, funsani ku laibulale ya sukulu yanu. Osindikiza ma journal a BMC ndi PLOS nawonso amachotsa malipiro kwa olemba a m'mayiko amenewa, koma muzipempha potumiza pomwepo. Musanyozenso ma journal a mu Africa muno, alipo abwino pa AJOL, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ma journal amenewa.

Wa Magetsi:
Imelo imeneyo inandipezanso ine, eti Pulofesa, tilembereni za matenda a nsomba. Ine wolumikiza mawaya!

Wa Mawerengero:
Nonse mukukangana za ndale, palibe wafunsa za deta. Mayi, magazi a m'kaundula mwanumo anayezedwa kapena anayerekezedwa ndi maso? Malire oti mayi wataya magazi ambiri ndi 500 ml m'maola 24 mayi atachira, koma diso limachepetsa, ndiye mupeza 200 ndi 300 atadzaza tsamba lonse, amayi ambiri otaya magazi osalembedwa. Ndinataya chaka chathunthu ndi deta yotereyi. Masamba ong'ambikawo muwawerenge, mulembe poyera kuti akusowa angati. Tsatirani mndandanda wa STROBE, wa zoyenera kulemba mu pepala la kafukufuku wotereyu, mzere ndi mzere musanatumize kwina kulikonse.

Tidzilembere Tokha:
Ndipo za dzina lanu lija musazisiye. Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala, amati amene watenga gawo lalikulu potolera deta apatsidwe mwayi wolemba nawo ndi kuvomereza pepalalo kuti akhale mlembi. Anakupatsani mwayiwo? Alembereni kalata!

Mzamba wa Usiku:
Zikomo nonse, sindilipira. Mayi wa Awiri, mwandiliza, ndi chifukwa cha amayi ngati inu sindikugona. Amayi opuma, ndimakopera nditaweruka, sindinasiyepo wodwala. Zoyerekeza ndi maso n'zoona, 300 ali ponseponse. Asupavaiza ndawaimbiranso lero, foni ikungoitana. Abambo kunyumba ndawawerengera zimene mwalembazi, angoti bola ndimalize. Ndiye pakati pa BMC ndi za pa AJOL ndiyambe iti?

Mlongo Wachete:
Asisi, ndikubwerezanso. Konse kumene mwatchulako akufunsani dzina la komiti ya ethics ndi nambala ya chilolezo, ngakhale deta ili ya m'kaundula wakale, ndipo makomiti ambiri savomereza ntchito yochitika kale. Ngati munatenga, vuto lili pena ndipo tithandizana. Ngati simunatenge, pitani ku komiti ndi asupavaiza anu musanatumize kwina. Tsegulani kalata yokukanayo mutikopere ndime yoyamba.