Puloti ya ku msewu wa Lundazi: ndilipire ndi kalata ya anyakwawa yokha?

Amake Dalitso:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa salaula pa msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo zaka zitatu izi ndakhala ndikuponya chilimba kuti ndisiye kukhala m'nyumba ya lendi ku Mchini. Tsopano ndapeza puloti ya 20 kwa 30 cha ku msewu wa Lundazi, mtengo K38,000. Wogulitsa ndi mnyamata waulemu ndithu. Akuti munda unali wa malemu bambo ake, iye waudula mapuloti asanu ndi limodzi. Wandionetsa kalata ya anyakwawa yokhala ndi chidindo, koma taito palibe. Akufuna theka la ndalama pofika Lachisanu, akuti pali munthu wina wa ku Katete amene akuifunanso. Amuna anga akuti tilipire msanga. Ine mtima ukukana, usiku tulo sindikupeza. Ndiyambire pati?

Bambo Phiri wa ku Navutika:
Mayi, za Lachisanuzo ndi zimene zinandigwetsa ine. Ndinalipira K15,000 pa puloti, tinalemberana pa pepala la m'kope, mboni anali mnzake wa wogulitsayo. Nditathira matiripi awiri a mchenga ndinapeza munthu wina akukumba maziko pomwepo, nayenso ali ndi pepala lake, dzanja lomwelo, chidindo chomwecho. Mchenga unapita, ndalama ndinabwezedwa K4,000 basi, mokokanakokana. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali. Pitani nokha popanda mnyamatayo, mukacheze ndi amene ali ndi minda yoyandikana nayo. Amayi olima pafupi amadziwa zonse, ngakhale amene anakangana pa maliro.

Nangozo:
Amake Dalitso, ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya loya, ndipo nkhani zotere zinkabwera sabata iliyonse. Choyamba dziwani kuti malowo ndi a mtundu wanji, chifukwa njira zake n'zosiyana. Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti poimira anthu onse. Ena ndi a boma, amene munthu amapatsidwa taito ya zaka 99. Ena ndi a mafumu. Kumalire a tauni ya Chipata mitundu iwiriyi yagundana, ndiye munthu angakugulitseni malo ndi kalata ya mudzi pamene malowo analowa kale m'mapulani a khonsolo, kapena ali pa taito ya famu ya munthu wina. Pitani ku khonsolo ndi ku ofesi ya unduna wa za malo mukafunse za dera limenelo. Musatume munthu.

Ngati alidi a mafumu, kalata ya anyakwawa siikwana. Kuti mudzapeze taito pafunika chilolezo cholembedwa cha mfumu yaikulu ya deralo, kenako khonsolo ivomereze, saveya ayeze ndi kuika mabikoni osonyeza malire, mapepala apite kwa Commissioner of Lands, mkulu wa boma amene amapereka malo. Mfumu ikakana, mudzakhala ndi nyumba pa malo amene banki siingawalandire ngati chikole. Choncho funsani anyakwawa pamaso pa mnyamatayo: kodi kunyumba ya mfumu akudziwa kuti munda uwu ukudulidwa mapuloti? Muone mmene ayankhire.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu akuti malemu bambo ake. Amayi ake ali moyo? Abale ake ndi angati? Atsibweni akuti chiyani? Kwathu kuno munda sukhala wa mwana mmodzi. Ndinaona mayi wina atamanga nyumba mpaka pa mawindo, kenako alongo a wogulitsa anabwera kuchokera ku Lusaka n'kunena kuti sanauzidwe. Ngakhale pa malo a taito, amene wasankhidwa kuyang'anira chuma cha masiye saloledwa kugulitsa malo popanda chilolezo cha khoti. Onse a m'banjamo asaine, aliyense ndi nambala ya reji yake, anyakwawa ndi nduna ali pomwepo.

Mukadzapeza ina ya taito, tengani nambala ya puloti mukafufuze ku kaundula wa malo. Mudzaona dzina la mwini wake, ngati ili pa ngongole ya banki, kapena ngati wina anaikapo caveat, chenjezo loletsa kusintha dzina la mwini malo. Dzina la pa taito lifanane ndi la pa reji. Wogulitsa ndiye amapempha chilolezo cha boma chosinthira dzina ndi kulipira msonkho wake ku ZRA, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano. Ndalama za loya musaziwerengere ngati zotayika, n'zochepa poyerekeza ndi K38,000.

Mphwanu wa ku Msekera:
Kuwonjezera pang'ono, amayi. Yang'anani ngati puloti siili pansi pa mawaya a ZESCO kapena m'malire a msewu, zotere amagwetsa. Funsaninso mmene pamakhalira mu February, Chipata ndi ya mapiri, madzi onse amatsikira kumadambo. Ndalama musapereke pamanja. Tumizani pa banki kapena pa foni kuti umboni utsale.

Amake Dalitso:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Dzulo ndinatseka msanga pa msika n'kupita ndekha monga ananenera Bambo Phiri. Agogo ena amene ndinawapeza akukolola nshawa anandiuza kuti amayi a mnyamatayo ali moyo, amakhala ku Chadiza kwa mwana wawo wamkazi, ndipo ana onse alipo asanu. Ndamuimbira kuti sindipereka kalikonse mpaka tikhale pansi ndi amayi ake kwa anyakwawa. Anayamba wakwiya, kenako anati aona ngati angawatumizire ya basi. Amuna anga sakundilankhula bwino kuyambira usiku, akuti ndataya mwayi. Lolemba m'mawa ndipita ku khonsolo. A Nangozo, kumeneko ndikafunse ofesi iti, ndipo ndinyamule chiyani kupatula reji ndi kope la kalata ija?